NEAL DOW WA KU MAINE: LAMULO NDI MTIMA WA MUNTHU

Phunziro la akulu a mpingo ndi Akristu onse

Palibe mpingo pakati pathu umene sunalirepo misozi cifukwa ca mowa. Tidziwa nkhokwe zimene zinatha dzinja lisanafike, popeza cimanga cinalowa mu mbiya. Tidziwa ana amene analeka sukulu, popeza ndarama za thonje ndi nshawa zinatsala kwa wogulitsa kacasu. Ndipo akulu a mpingo akatopa nayo mirandu yotere, kawirikawiri mmodzi wa iwo amaimirira nafunsa kuti: Kodi mfumu ilekeranji kuletsa? Kodi Boma silingatseke malo onse ogulitsira mowa, kuti tipumule?

Funso ili ndi labwino, ndipo si ife oyamba kulifunsa. Munthu wina wa ku America, dzina lace Neal Dow, anatha moyo wace wa zaka 93 polimbana nalo. Iye analowa m'zinthu za Boma cifukwa ca funso lomweli, nalemba lamulo loletsa mowa limene linamveka m'maiko ambiri. Anaona lamulo lace likupambana, analionanso likukhetsa mwazi. Cifukwa cace mbiri yace itithandiza kuzindikira cimene lamulo likhoza kucita, ndi cimene silingathe kucita konse. Musanapitirire, yambani mwawerenga Miyambo 23:29-35, Aroma 13:1-7 ndi Luka 9:51-56, pakuti mau amenewo ndiwo nyali yathu m'phunziro lino.

1. DZIKO LACE NDI UBWANA WACE

Dziko la United States of America ligawika m'zigawo zambiri, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi Bwanamkubwa wace ndi Nyumba yace ya Malamulo. Maine ndico cigawo ca kumapeto, kumpoto cakum'mawa, dziko lozizira la nkhalango zazikuru ndi madooko a zombo. Neal Dow anabadwira kumeneko, mu mzinda wa Portland, pa 20 March, 1804. Atate wace, Josiah Dow, anali wofufuta zikopa, monga Simoni uja wa ku Yopa, ndipo mwanayo atakula analowa nchito yomweyo nalemera nayo. Makolo ace anali a mpingo wochedwa Quakers, anthu ofatsa, odana ndi ukapolo, okana nkhondo iri yonse. Kwa iwo Neal anaphunzira kudana ndi ukapolo ndi kuledzera. Koma kufatsa kwao sanakulandire konse, ndipo m'tsogolo mwace anasiyana nao pa nkhani ya nkhondo.

Masiku amenewo mowa unali monga madzi mu Portland. Zombo zinkanyamula matabwa ndi nsomba kunka ku zisumbu za West Indies, ndi kubwerako zitadzala ndi madzi akuda a nzimbe, otsala popanga shuga. Madzi amenewo ankawacheza kacasu wochedwa rum. Kacasuyo anali wosakwera mtengo, ndipo eni nchito ambiri ankampereka kwa anchito ao monga gawo la malipiro. Belu linkalira pa 11 koloko mmawa ndi pa 4 koloko madzulo, kuti anthu aleke nchito namwe. Pa ukwati, pa maliro, pomanga nyumba, pokolola, panali rum. Olemba mbiri awerengera kuti m'caka ca 1830 munthu wamkulu mmodzi wa ku America ankamwa pa caka magaloni 7, ndiwo malita oposa 26, a ukali weniweni wa mowa, osawerengera madzi osanganiza nao.

Dow anali mmodzi wa ozima moto a mu mzindawo, nakhala mkulu wao pambuyo pace. Anaona ndi maso ace nyumba za anchito osauka, akazi omenyedwa, ndi ana ogona ndi njala. Cinamsautsanso ndi ici, cakuti rum anali cipatso ca ukapolo, pakuti nzimbezo zinkalimidwa ndi akapolo otengedwa ku Africa. Unyolo umodzi unamanga kapolo m'munda wa nzimbe ndi cidakwa pa dooko la Portland.

2. KUDANDAULIRA KUSANDUKA LAMULO

Poyamba Akristu a ku America analimbana ndi coipa ici ndi mau okha. M'caka ca 1826 anakhazikitsa bungwe la American Temperance Society mu mzinda wa Boston. Abusa analalikira, mabuku ang'ono anagawidwa, ndipo anthu zikwi zambiri analemba maina ao pa pangano lakuti sadzamwanso. M'caka ca 1840, mu mzinda wa Baltimore, zidakwa 6 zinapangana zokha kuleka mowa ndi kufunafuna anzao akugwa; gulu lao, lochedwa Washingtonians, linafala msanga m'dziko lonse. Dow anagwira nao nchito yotere kuyambira ali mnyamata. Anayenda m'midzi ya Maine, m'cisanu ndi m'matope, nalankhula m'masukulu ndi m'nyumba zopemphereramo, nadandaulira eni nchito kuti aleke kulipira anthu ndi kacasu.

Koma mtima wace sunakhute ndi kudandaulira. Iri ndi nkhani imene inasimbidwa kawirikawiri za iye. Mai wina anamdandaulira kuti mwamuna wace ali pafupi kucotsedwa nchito cifukwa ca kumwa. Dow anapita kwa wogulitsa kacasu, nampempha kuti aleke kumgulitsa munthuyo, cifukwa ca mkazi ndi ana. Wogulitsayo anakana, namuuza kuti ali ndi cilolezo ca Boma, kuti nayenso adyetsa ana ace ndi malonda amenewo, ndi kuti adzagulitsa kwa ali yense wobwera ndi ndarama. Dow anacoka atatsimikiza mtima kuti ngati lamulo ndilo lichinjiriza malonda otere, lamulolo liyenera kusinthika.

Kuyambira pomwepo maganizo ace anali awa: cidakwa ndico munthu wogwidwa mu msampha, koma wogulitsa ndiye wochera msamphawo, ndipo kuli kopanda pace kumasula nyama imodzi imodzi pamene wocherayo achera ndi cilolezo. M'caka ca 1846 Nyumba ya Malamulo ya Maine inaika lamulo loletsa kugulitsa kacasu, koma zilango zace zinali zopepuka, ndipo ogulitsa ankalipira pang'ono nabwerera ku malonda ao. Dow anazindikira kuti afunika mpando waulamuliro. Mu April, 1851, ali ndi zaka 47, anasankhidwa kukhala meya wa Portland, ndiye mkulu woyang'anira mzinda wonse ndi apolisi ace.

3. LAMULO LA MAINE

Atangolowa pa mpandowo analemba lamulo latsopano ndi dzanja lace, napita nalo ku Augusta, likulu la cigawo, nalankhula pamaso pa aphungu. Iwo analibvomera, ndipo Bwanamkubwa John Hubbard anasainapo dzina lace pa 2 June, 1851. Ili ndilo linachuka ndi dzina lakuti Lamulo la Maine.

Mphamvu yace inali m'zinthu izi. Coyamba, linaletsa kucheza ndi kugulitsa zakumwa zonse zoledzeretsa m'cigawo conse. Caciwiri, linalola mowa waukali pa mankhwala ndi pa nchito za amisiri pokha. Ndipo wotere unayenera kugulitsidwa ndi munthu mmodzi woikidwa ndi akulu a mzinda. Cacitatu, anthu 3 ali onse okhala ndi voti anakhoza kulumbira pamaso pa woweruza kuti m'nyumba yakuti muli mowa wogulitsa, ndipo woweruzayo anayenera kupereka kalata yofufuzira nyumbayo; mowa ukapezeka unkalandidwa ndi kutayidwa. Cacinai, wogulitsa wobwereza mlandu wace ankaikidwa m'ndende. Zindikirani kuti lamulo ili linalunjika pa wogulitsa koposa pa wakumwa.

Dow analigwiritsa nchito ndi dzanja lolimba. Migolo ya rum inaswedwa, ndi kacasu anayenda m'ngalande za mseu, anthu alikupenya. Mbiri inawanda, ndipo pofika 1855 zigawo ngati 12 za America zinali zitaika malamulo ofanana nalo. Anthu anamucha Dow atate wa lamulo loletsa mowa, ndipo ena anamfanizira ndi Napoleon, kazembe wa nkhondo wa ku France.

Koma akale anati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Zitseko za kutsogolo zinatsekedwa, koma za kuseri zinatseguka. Mowa unkalowa mobisika kucokera ku zigawo zina, nugulitsidwa m'makhichini ndi m'zipinda za pansi. Olemera anakhoza kuitanitsa wao kutali ndi kumwera m'nyumba zao mosabvutika, pamene apolisi ankagogoda pa makomo a osauka. Ambiri a osaukawo anali alendo ocokera ku Ireland, amene anathawa njala yaikuru ya kwao ya 1845 ndi zaka zotsatapo. Iwo anaona lamulolo ngati ndodo yosemera iwo okha. Pa cisankho ca 1852 Dow anagonja. Anabwereranso pa mpando m'caka ca 1855, koma anapambana ndi mavoti owerengeka okha, mzinda uli wogawikana pakati.

4. USIKU WA 2 JUNE, 1855

Tsono tafika pa tsiku limene liri banga pa mbiri yace. Monga tanena, lamulo linalola mzinda kusunga mowa wa mankhwala. Dow anaitanitsa mowa wotere wa mtengo wa madola 1,600, nausunga m'cipinda ca pansi ca nyumba ya akulu a mzinda. Koma anafulumira, pakuti wogulitsa wa mzinda anali asanaikidwe monga mwa lamulo. Adani ace atamva, anakondwa, nafalitsa mau akuti meya woletsa mowa ali ndi mowa wace wa malonda. Anthu 3 anapita kwa woweruza nalumbira, natenga kalata yofufuzira, monga mwa lamulo lomwe Dow analilemba yekha.

Pa 2 June, tsiku lomwelo limene lamulo linakwanitsa zaka 4, anthu anasonkhana pakhomo pa nyumbayo kudzaona ngati meya adzagwidwa. Pofika madzulo anali oposa 1,000. Anayamba kupfuula, kuponya miyala, ndi kukankha citseko. Apolisi analephera kuwabweza. Pamenepo Dow anaitana asilikari, nauza khamulo kuti libalalike. Ndipo pamene silinamvere, analamula kuti aombe mfuti. Mnyamata wina wogwira nchito m'zombo, dzina lace John Robbins, anafa, ndipo ena 7 analasidwa.

Dow anazengedwa mlandu wosunga mowa mosata lamulo, ndipo bwalo linammasula. Palibe umboni wakuti anafuna kupindula nao mowawo. Koma madzi akatayika saoleka. Iye sanabvomere kuti analakwa polamula kuombako. Anaimirira pa mau akuti anachinjiriza mtendere wa mzinda. Anthu ambiri, ngakhale ena odana ndi mowa, anaona kuuma mtima m'menemo, namfulatira. M'caka ca 1856 Lamulo la Maine linafafanizidwa, ndipo m'zaka zotsatapo zigawo zina zambiri zinataya malamulo ao. M'caka ca 1858 anthu a ku Maine anaikanso lamulo loletsa mowa, ndipo Dow anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ya cigawo; koma pa mpando wa meya sanakhalenso.

5. NKHONDO NDI UKALAMBA

M'caka ca 1861 nkhondo inabuka pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, ndipo muzu wace unali ukapolo. Dow anali ndi zaka 57, msinkhu woyenera kukhala pakhomo ndi adzukulu, koma anadzipereka. Anatsogolera gulu la asilikari a ku Maine, naletsa mowa pakati pao, ndipo m'caka ca 1862 anakwezedwa kukhala kazembe. Ali ku maiko a kumwera analandira akapolo othawa ambuye ao. Pa 27 May, 1863, analasidwa kawiri pa nkhondo ya ku Port Hudson, pa mtsinje wa Mississippi. Alikucira mabala ace anagwidwa ndi adani, nakhala wandende miyezi 8, makamaka mu mzinda wa Richmond, kufikira anamsinthanitsa m'caka ca 1864 ndi mwana wa Robert E. Lee, kazembe wamkuru wa a kumwera. Pa ici timlemekeze: cimene anacilalikira ndi pakamwa anacilipira ndi thupi lace.

Nkhondo itatha anabwerera ku nchito yace yakale. Anaoloka nyanja kangapo kukalankhula ku Britain. M'caka ca 1880, ali ndi zaka 76, cipani caching'ono ca Prohibition Party cinamuimika kuti apikisane pa mpando wa Pulezidenti wa dziko lonse. Pa mavoti oposa 9 miliyoni iye analandira ngati 10,300 okha, ndipo James Garfield ndiye anasankhidwa. Dow anadziwiratu kuti sadzapambana. Anaima kuti nkhani ya mowa isaiwalike. M'caka ca 1884 anaona cimene anacilakalaka: anthu a ku Maine analemba kuletsa mowa m'malamulo akuru a cigawo cao, amene sasinthika msanga. Anamwalira ku Portland pa 2 October, 1897.

6. CIMENE CINATSALA PAMBUYO PACE

Mbeu yace inamera kutali. M'caka ca 1853, mu mzinda wa Manchester ku England, anthu ocita cidwi ndi Lamulo la Maine anakhazikitsa bungwe la United Kingdom Alliance, kuti apemphe lamulo lotere kwao. Britain sanaliike konse. Koma mabungwe otere anakula mphamvu, nayamba kudzudzula malonda a kacasu wa Azungu mu Africa. Pa msonkhano wa ku Brussels m'caka ca 1890, maiko akuru anapangana kucepetsa malonda amenewo m'dera lalikuru la pakati pa Africa, m'mene muli dziko lathu lino. Ndipo m'caka ca 1895, pamene Khama, mfumu Yacikristu ya Angwato imene inaletsa kacasu m'dziko lace, anapita ku Britain pamodzi ndi mafumu anzace Sebele ndi Bathoen kukapempha kuti dziko lao lisaperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes, mabungwe odana ndi mowa anali pakati pa iwo amene anawalandira ndi kuwathandiza.

Ku America maganizo a Dow anafika pacimace iye atamwalira kale. Mu January, 1920, kucheza ndi kugulitsa mowa kunaletsedwa m'dziko lonselo. Zabwino zinaoneka: kumwa kunacepa, ndipo imfa za nthenda ya ciwindi zinali zocepa koposa kale. Koma zoipa zija za mu Portland zinabweranso, zitakula. Malo omwera obisika anacuruka. Magulu a acifwamba, monga la Al Capone ku Chicago, analemera ndi mowa wozembetsa, naphana m'miseu, nagula apolisi ndi ziphuphu. Osauka ambiri anafa, ena anacita khungu, pakumwa mowa wapoizoni. Pa 5 December, 1933, lamulolo linafafanizidwa, ndipo m'caka ca 1934 Maine nayenso analeka lace, limene linakhala zaka 76 kuyambira 1858.

Kodi tsono nchito ya Dow inapita pacabe? Iai. Belu la 11 koloko silinalirenso, ndipo kulipira wanchito ndi kacasu kunasanduka camanyazi. Maganizo akuti Boma liri ndi mlandu wa kuyang'anira malonda a mowa, kuika maola, kuletsa kugulitsa kwa ana, ndi kulanda cilolezo ca wosamvera, anakhazikika m'maiko ambiri. Nyumba yace iripobe pa mseu wa Congress Street mu Portland, yosungidwa monga cikumbutso. Ngakhale ku Manchester mseu wina unachedwa Maine Road cifukwa ca lamulo lija, ndipo timu ya mpira ya Manchester City inasewera pamenepo kuyambira 1923 kufikira 2003, ambiri osadziwa kumene dzinalo linacokera. Koma cinthu cimodzi cimene Dow anaciyembekeza koposa, ndico dziko lopanda cidakwa mwa mphamvu ya lamulo, sicinaoneke.

7. TIPHUNZIRAPO CIANI?

Coyamba, lamulo liri ndi malo ace, ndipo Mkristu asalipeputse. Pa Deuteronomo 22:8 Mulungu analamula womanga nyumba kuti aike kampanda pa tsindwi, kuti munthu angagwe ndi mwazi wace ukhale pa nyumbayo. Pa Habakuku 2:15 tsoka lichulidwa pa iye woledzeretsa mnzace. Pa Aroma 13 wolamulira achedwa mtumiki wa Mulungu. Dow ananena zoona pamene anati wogulitsa sangasambe m'manja ndi cilolezo cace. Cifukwa cace si kulakwa kuti akulu a mpingo apite kwa mfumu kapena kwa a Boma, mwaulemu ndi poyera, kukapempha kuti mowa usagulitsidwe kwa ana, kapena pafupi ndi sukulu, kapena usiku wonse. Pamene Boma la Zambia linaletsa tujilijili m'caka ca 2012, linamanga kampanda kotere cifukwa ca ana athu.

Caciwiri, lamulo silifika mu mtima. Taonani ici: kumwa ku America kunatsika koposa theka pakati pa 1830 ndi 1845, Lamulo la Maine lisanalembedwe. Cinatsitsa kumwako ndico ulaliki, pangano, ndi munthu kugwira mnzace pa dzanja. Lamulo linaima kumene mitima inali itatembenuka kale, ndipo linagwa kumene linatsogola lokha. Paulo atiphunzitsa pa Aroma 8:3 kuti ngakhale cilamulo ca Mulungu mwini cinafoka cifukwa ca thupi, ndipo cimene cinacilaka anacicita Mulungu potuma Mwana wace. Nanga lamulo la anthu lidzaposa pamenepo kodi? Lonjezo la mtima watsopano liri pa Ezekieli 36:26, ndipo palibe Nyumba ya Malamulo ingathe kulisainira. Kumbukiraninso fanizo la pa Mateyu 12:43-45: nyumba yosesedwa ikakhala yopanda mwini, mzimu woipa ubwerera ndi anzace. Kulanda botolo ndiko kusesa. Koma adzakhalamo ndani? M'caka ca 1935, lamulo la dziko lonse litagwa kale, zidakwa ziwiri za ku America zinayamba kuthandizana mu mzinda wa Akron, ndipo m'menemo munabadwa gulu la Alcoholics Anonymous, limene lathandiza anthu ambirimbiri m'maiko ambiri popanda mfuti kapena ndende.

Cacitatu, cangu cathu cilamulidwe ndi cikondi. Yakobo ndi Yohane anafuna kuitana moto pa mudzi wa Asamariya cifukwa ca ulemu wa Ambuye, koma Ambuye anawadzudzula. Dow anayamba nkhondo yace cifukwa ca cifundo pa mai mmodzi wolira. Koma usiku uja mai wina analira mwana wace cifukwa ca iye. Munthu akhoza kudana ndi mowa kufikira aiwala kukonda womwayo. Ife tiribe mfuti, koma tiri ndi lilime ndi bwalo la mpingo, ndipo izi nazo zipha. Pamene tiika mbale pa cilango, kodi timcezera sabata yotsatayo, kapena tingolemba dzina lace m'buku ndi kupumula? Agalatiya 6:1 atiuza kumbweza wakugwa ndi mzimu wofatsa, ndi kudzipenyerera tokha.

Cacinai, lamulo likhale limodzi kwa onse. Mu Portland wolemera anamwa mwamtendere, ndi mlendo wosauka anagwidwa. Kodi sizicitika pakati pathu? Mai wamasiye wocheza kacasu kuti alipirire ana sukulu aitanidwa msanga ku bwalo, pamene munthu womveka wakumwa m'nyumba mwace, wopereka zambiri ku mpingo, sachulidwa. Kucheza kacasu ndi koipa, ndipo tinene cotero mosabisa. Koma tikamletsa maiyo, tiyankhenso funso lace lakuti, ana anga adzadyanji? Werengani Yakobo 2:15-16. Mpingo umene uletsa mbiya uyenera kuthandiza kulima munda. Ndipo iye woika lamulo ayende moyera koposa onse, pakuti migolo ija ya m'cipinda ca pansi inapasula m'tsiku limodzi nchito ya zaka zambiri.

Cacisanu, tisatope. Dow anagonja pa cisankho, ananyozedwa, anagona m'ndende, koma anagwira khasu lace kufikira imfa. Cipiriro cace ticitsanze, ndi kuuma mtima kwace tikuleke. Ndipo popeza kuongola mtengo ndi poyamba, nchito yaikuru iri pa ana: m'nyumba, m'Sande Sukulu, ndi m'kalasi. Mwana amene aona atate wace akubwera kunyumba ali ndi nzeru zace zonse walandira phunziro loposa malamulo onse a ku Maine.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi Lamulo la Maine linalunjika pa yani, ndipo linagwira nchito motani?
2. Cinacitika nciani pa 2 June, 1855? Kodi meyayo akadacita ciani m'malo mwa kuitana mfuti?
3. Kumwa ku America kunayamba kutsika lamulo lisanaikidwe. Ici citiphunzitsa ciani za nchito ya mpingo?
4. Ndi zinthu ziti zimene mpingo wanu uyenera kupempha kwa mfumu kapena kwa Boma, ndipo ndi ziti zimene uyenera kucita wokha?
5. Kodi m'mudzi mwanu muli mbale wodulidwa cifukwa ca mowa amene palibe anamcezera caka cino? Adzapita ndani, ndipo liti?

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu mudziwa nyumba zonse zolira cifukwa ca mowa. Patsani mafumu athu ndi akulu a Boma nzeru ya kuika malamulo olungama, osatsata nkhope ya munthu. Patsani ife a mpingo wanu cangu cosatopa, ndi mtima wacifundo wonga wa Mbusa wabwino. Masulani omangidwa, tonthozani akazi ndi ana ao, ndipo mulenge mwa ife tonse mtima watsopano. Tipempha m'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.